Kodi n'kutaya ndalama kulipira katswiri wojambula boti?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo ena a ku Chilomoni muno mu Blantyre, amene apuma pa ntchito posachedwapa ndipo kwawo ndi kwa Makanjira m'boma la Mangochi. Iwo akufuna kugwiritsa ntchito gawo la ndalama zawo za penshoni popangitsa boti lachitsulo lotalika mamita 14, loti lizinyamula anthu pafupifupi 40 pamodzi ndi katundu pakati pa Makanjira ndi Senga Bay ku Salima. Apeza kale mmisiri wowotcherera zitsulo ku Ndirande, yemwe amapanga mageti, mathanki a madzi ndi mabodi a malole, ndipo wawatsimikizira kuti ntchitoyo aigwira pongoona zithunzi komanso pulani yomwe anaipeza pa intaneti. Akufunanso kuti botilo likhale ndi denga lolimba loti pamwamba pake pazikwezedwa matumba ndi njinga. Mwana wawo akuumirira kuti ayambe apeza katswiri wojambula maboti, koma iwo akufunsa kuti: "Makolo athu ankasema mabwato popanda pepala, ndipo mpaka lero amisiri a kunyanja amakhoma maboti a matabwa osapondako ku koleji. Nanga ine ndilipirirenji munthu amene sadzagwira ngakhale hamala?"

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndinene mosabisa kuti mwana wanu akunena zoona, ndipo musagule ngakhale puleti imodzi yachitsulo musanakhale pansi ndi munthu amene anaphunzira ntchito yojambula zombo. Komabe mfundo yanu yokhudza makolo ndi amisiri a kunyanja si yongoikankhira kumbali, chifukwa ikayankhidwa bwino imaonetsa pamene pagona vuto.

Mmisiri wa ku Mpwepwe, ku Msaka kapena ku Nkhotakota amene wakhala akukhoma maboti a matabwa kuyambira ali mnyamata ali ndi nzeru zenizeni, ndipo ine ndimam'patsa ulemu wonse. Amadziwa kutalika ndi kutambalala koyenera, amadziwa kupinda thabwa osalithyola, amadziwa kusiyana kwa mlombwa ndi paini likakhala m'madzi, ndipo akangoona mmene boti lakhalira pagombe amatha kunena ngati lidzavute pamafunde. Nzeruzo sanazitole panjira. Kaonekedwe ka bwato ndi ka boti la asodzi kanakonzedwa pang'onopang'ono ndi anthu ambiri, kupindika kulikonse kwa thabwa kunayesedwa ndi nyanja kwa zaka zochuluka, ndipo zolakwika zake zinalipiridwa kale, nthawi zina ndi miyoyo ya anthu. Choncho sizoona kuti mmisiri ameneyu alibe pulani. Ali nayo m'mutu ndi m'manja, ndipo ndi yodalirika malinga ngati akupanga chinthu chofanana ndi chomwe wakhala akupanga nthawi zonse.

Boti lanu si lotero. Ndi lachitsulo, ndi lalitali kuposa maboti wamba a asodzi, lili ndi denga lonyamula katundu, ndipo m'malo mwa asodzi ochepa odziwa kusambira ndi kukhala bata pamafunde, lidzanyamula amayi obereka ana kumbuyo, agogo, ana a sukulu ndi amalonda omwe mwina sanakwerepo boti chibadwire. Palibe m'badwo wa amisiri umene unaliyesa boti limeneli m'malo mwanu. Ngati silidzayesedwa ndi masamu papepala, lidzayesedwa ndi nyanja muli anthu.

Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti kupanga chinthu choyandama n'kosavuta. Bokosi lililonse lachitsulo lotsekedwa bwino limayandama, chifukwa chombo chimalowa m'madzi kufikira chitakankha madzi olemera mofanana ndi icho, basi n'kuima pomwepo. Tsiku lotsitsira boti pagombe, nyanja ili zii, anthu adzaomba m'manja ndipo mmisiri wanu adzaoneka kuti wakwanitsa. Funso lenileni silili pa kuyandama, koma pa kudzuka. Funde likalipendeketsa boti, kodi lidzabwerera n'kuima chilili? Lidzabwerera mwamphamvu bwanji, nanga likapendekeka kufika pati ndi pamene silidzabwereranso? Yankho lake limadalira zinthu ziwiri zosaoneka ndi maso: malo amene kulemera konse kwa boti kwasonkhana, ndi malo amene madzi akulikankhira m'mwamba. Boti likapendekeka, malo achiwiriwa amasunthira mbali yomwe yamira, ndipo kusuntha kumeneko ndiko kumalidzutsa. Kulemera kukakhala pansi, mphamvu yodzutsayi imakhala yaikulu, koma kukamakwera m'mwamba mphamvuyi imachepa mpaka kutheratu. Zimenezi zimawerengedwa, ndipo kuwerenga kumeneko ndiye chinthu chachikulu chomwe mukulipira kwa katswiri.

Tiyeni tione kulemera kwa zomwe mwatchula. Anthu 40, aliyense tikamuyerekeza pa makilogalamu 70, akukwana makilogalamu 2,800. Matumba 40 a chimanga kapena mpunga a makilogalamu 50 akuwonjezera matani awiri. Chitsulo nacho chimalemera mosayembekezeka: puleti yotalika mita imodzi, yotambalala mita imodzi, yochindikala milimita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 7.85. Ngati thupi la boti lidye mapuleti okwana masikweya mita 80, ndipo mmisiri, pofuna kuti likhale lolimba, asankhe chitsulo cha mamilimita 6 pamene cha mamilimita 4 chikanakwanira, ndiye kuti wawonjezera makilogalamu oposa 1,200 omwe botilo lidzasenza moyo wake wonse. Akasankha chopyapyala popanda nthiti zokwanira mkati, thupi lidzayamba kupindika ndi kung'aluka m'mizere yowotcherera. Munthu wodziwa amawerenga kuchindikala kwa puleti pamodzi ndi kutalikirana kwa nthiti, osati chimodzi pachokha.

Denga lonyamula katundu ndilo landidetsa nkhawa koposa m'kalata yanu. Thumba lomwe likanathandiza boti kukhazikika likanakhala pansi limasanduka mdani likakwezedwa mamita awiri pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo denga lenilenilo, ndi mizati yake yachitsulo, limakoka kulemera konse kupita m'mwamba, kwinaku likukola mphepo. Mbiri ya zombo ili ndi umboni wowawa pa nkhaniyi. M'chaka cha 1628 sitima ya nkhondo ya dziko la Sweden yotchedwa Vasa inamira padoko la Stockholm itangoyenda mamita pafupifupi 1,300 pa ulendo wake woyamba, chifukwa inali yolemera kumwamba ndi mizinga pamene pansi pake panali popepuka. Isananyamuke, amuna 30 anauzidwa kuthamanga uku ndi uku pamwamba pake kuti aone ngati ili yokhazikika, ndipo anawaletsa atangothamanga katatu poopa kuti igubuduka pomwepo, koma ulendo sunaimitsidwe. Chaposachedwa, mu Epulo 2014, sitima ya Sewol inagubuduka ku South Korea n'kupha anthu 304, ambiri mwa iwo ana a sekondale. Sitimayo inali itawonjezeredwa zipinda kumwamba itagulidwa kuchokera ku Japan, ndipo tsiku la ngoziyo inanyamula katundu wopitirira muyeso. Zombo zimenezi zinali zikuluzikulu, koma lamulo lomwe linazigubuduza ndi lomwelo lomwe lidzalamulire boti lanu la mamita 14. Sindikunena kuti denga n'losatheka. Katswiri akhoza kulilola atakulitsa boti m'mbali, atasankha zipangizo zopepuka, kapena atakuuzani kuti likhale la mthunzi chabe ndipo katundu azikhala pansi pa mipando.

Pali chinthu china chomwe amisiri a pamtunda sachiganizira, ndicho madzi olowa mkati. Mayi akasenza chidebe chosadzaza amavutika kuposa wosenza chodzaza, chifukwa madzi amakhuthukira mbali imodzi n'kumukoka khosi, ndipo n'chifukwa chake ena amaikamo masamba kuti madziwo asagavire. M'boti lotambalala, madzi ongofika m'kakolo akhoza kukhala matani angapo, ndipo boti likangopendekeka pang'ono onsewo amathamangira mbali yakumunsi n'kuwonjezera kupendekekako. Anthu nawo akachita mantha amachita chimodzimodzi. Wojambula boti amagawa pansi pake m'zipinda zosadutsa madzi, amakonza potulukira madzi a mafunde, amasankha malo a mpope wopopera, ndipo amawerengeratu zomwe zingachitike anthu onse atakhamukira mbali imodzi. Kumbukiraninso kuti boti la matabwa likadzaza madzi kawirikawiri limatsala likuyandama moti anthu amaligwirira podikira chithandizo, pamene lachitsulo lopanda zipinda zotseka limapita pansi nthawi yomweyo.

Nyanja yomwe mukufuna kudutsa mukuidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndiifotokoze monga mmene wojambula boti angaionere. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550 ndipo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. M'miyezi yozizira mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, nthawi zina masiku angapo osaleka, ndipo m'nyengo ya mvula mpoto umabwera utayenda utali wonse wa nyanja usanafike kumadzi a ku Salima ndi Mangochi. Ulendo wa Makanjira ndi Senga Bay ndi wodutsa chopingasa, kutanthauza kuti mphepo zonse ziwirizi zidzakhala zikumenya boti m'nthiti, komwe chombo chilichonse n'chofooka koposa. Mafunde a nyanja yathu ndi afupiafupi ndi oimirira, sapatsa boti mpata wodzuka lisanamenyedwe kachiwiri. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya, yomwe inali yatsopano ndithu, inagubuduzidwa ndi namondwe kufupi ndi Chilumba ndipo anthu 145 anamira. Ilala yomwe tikuidziwa lero inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1949, inabwera kuno m'zidutswa n'kulumikizidwa m'mphepete mwa nyanja, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Yatumikira Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba kwa zaka zoposa 70 panyanja yomweyo imene inameza Vipya. Chisamaliro ndi luso la oyendetsa zathandiza kwambiri, koma zonsezo zikanapita pachabe thupi lake likanakhala lolakwika kuchokera papepala.

Za pulani ya pa intaneti, vuto silakuti zonse za kumeneko n'zabodza. Alipo mapulani abwino ojambulidwa ndi akatswiri enieni. Koma pulani iliyonse inajambulidwira madzi ena ake, katundu wina wake ndi zipangizo zina zake, ndipo yomwe mwapeza mwina inali ya boti la aluminiyamu losangalalira anthu asanu ndi mmodzi pamtsinje wabata. Ngakhale madzi enieniwo amasiyana: a m'nyanja zamchere ndi olemerako pang'ono, pafupifupi magawo awiri ndi theka pa 100 aliwonse, motero chombo chimalowa kwambiri m'madzi athu opanda mchere kusiyana ndi ku Beira kapena ku Durban. Choopsa kwambiri ndi kusintha. Mmisiri akaona kuti pulani ndi ya mamita 9 ndipo inu mukufuna 14, amangotalikitsa pakati, osadziwa kuti boti lalitali likakwera pa funde limapindika ngati likufuna kuthyoka msana ndipo limafuna mphamvu zina zomwe pulani yoyamba inalibe. Pulani ikasinthidwa utali, chipangizo kapena katundu, yasanduka boti lina lomwe palibe analiwerengerapo.

Tikambeko za ndalama, poti ndi pamene mtima wanu wagona. Boti lolemera lomwe limayenda mokankha madzi lili ndi malire a liwiro omwe amadalira utali wake. La mamita 14 limafika pafupifupi makilomita 17 pa ola, ndipo kupitirira apo injini yaikulu imangokumba dzenje m'madzi kumbuyo ndi kumeza mafuta. Munthu wosadziwa amagula injini yaikulu poganiza kuti aziyenda maulendo awiri pa tsiku, kenaka n'kupeza kuti ndalama zonse za okwera zikuthera pa mafuta. Wina amagula yaing'ono imene imalephera kulozetsa mphuno ya boti kumafunde mwera ukakula. Kusankha injini, pulopela ndi kaonekedwe ka pansi pa boti kuti zigwirizane ndi ntchito ya masamu, ndipo kusiyana kwa malita ochepa pa ulendo uliwonse, pa zaka khumi, kumaposa kutali malipiro a wojambula. Amakonzanso malo a thanki ndi mopita mpweya, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba ndipo imakhazikika pansi pa boti kudikira kamoto kakang'ono.

Mmisiri wanu wa ku Ndirande sindikumunyoza ayi. Aliyense amene anayendako m'misika ya kumeneko amadziwa kuti kuli manja aluso omwe amapanga zinthu zodabwitsa ndi zipangizo zochepa. Koma geti likawotchereredwa mwa apo ndi apo limagwirabe ntchito, ndipo thanki ya madzi imakhala phee pamalo amodzi. Thupi la boti limapindidwa ndi kumasulidwa ndi funde lililonse, kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo mzere uliwonse uyenera kulowerera mpaka mkati mwa chitsulo, kuwotchereredwa mwa ndondomeko kuti mapuleti asakhwinyate ndi kutentha, kenaka n'kuyesedwa ngati sukudontha. Mutu umodzi susenza denga: mmisiriyo akapatsidwa zojambula zomveka ndi munthu womuyendera pa magawo ofunika, akhoza kutulutsa boti labwino ndithu, ndipo iyenso adzatulukamo ndi luso latsopano. Ganiziraninso ngati kuli kwanzeru kupangira botilo mu Blantyre, chifukwa kulinyamula pa lole makilomita oposa 200 kudzera ku Zomba ndi Liwonde mpaka kunyanja ndi ndalama ina, ndipo boti lotambalala mokwanira kukhazikika pamadzi likhoza kukhala lotambalala mopitirira zomwe msewu umalola popanda chilolezo chapadera.

Lamulo nalo lili ndi mbali yake. Zombo za pa nyanja ndi mitsinje ya dziko lino zimayendetsedwa ndi lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndipo dipatimenti ya Marine, yomwe ili pansi pa unduna wa zamtengatenga, ndiyo imayendera, kulembetsa ndi kupereka ziphaso kwa zombo zonyamula anthu ndi katundu pa malonda. Oyendera akadzafunsa kuti botili linawerengeredwa anthu angati ndipo umboni wake uli kuti, chithunzi cha pafoni sichidzayankha. Kukonza boti lomwe latha kale kuti likwaniritse zofunika kumadula kuposa kulijambula bwino poyamba, ndipo nthawi zina sikutheka n'komwe. A inshuwalansi ndi a banki nawo amayamba aona mapepala asanaike ndalama zawo pa chombo. Ndiye ulendo wanu woyamba usakhale wa ku sitolo ya zitsulo ku Limbe, koma wa ku ofesi ya Marine, kukafotokoza zomwe mukufuna kupanga ndi kufunsa zomwe adzafune kuona.

Akatswiri a ntchitoyi, omwe pa Chingerezi amatchedwa naval architect, ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ndikudziwa kuti kuwapeza kumafuna khama. Ku Monkey Bay ndi koyambira kwabwino, chifukwa kuli malo okonzera sitima komanso koleji ya Marine yophunzitsa oyendetsa zombo ndi mainjiniya a zombo, ndipo anthu a kumeneko amadziwana ndi omwe amagwira ntchito zotere. Ku Mpwepwe kuli malo okhomera maboti ndi sukulu ya zausodzi. Wojambula akhozanso kukhala wa kunja, mwachitsanzo wa ku South Africa kapena ku Tanzania, malinga ngati pali injiniya wa kuno woyang'anira ntchito pamalopo. Chenjerani ndi maina audindo. Injiniya wa misewu kapena wa magalimoto, ngakhale atakhala wakhama chotani, sanaphunzire kukhazikika kwa zombo. Pemphani kuona mapepala a maphunziro ake, funsani ngati ali m'kaundula wa bungwe loona za mainjiniya, ndipo koposa zonse muuzeni akuonetseni maboti omwe anajambula amene akuyenda pamadzi lero, kuti mukacheze ndi eni ake ndi oyendetsa ake. Katswiri weniweni mudzamuzindikira ndi mafunso ake. Asanatchule mtengo adzafuna kudziwa njira yomwe muziyenda, miyezi yomwe muziyenda, mtundu wa katundu, mmene gombe la Makanjira lilili pokocheza, ndi komwe muzikonzera injini ikawonongeka. Amene angovomera chilichonse chomwe mwanena, kuphatikizapo denga lija, osafunsa kanthu, musiyeni.

Mukagwirizana, zilembedwe kuti mudzalandira chiyani. Payenera kukhala zojambula za thupi ndi nthiti zake, mndandanda wa zipangizo ndi kulemera kwake, mawerengedwe a kukhazikika kwa boti likakhala lopanda kanthu, lodzaza, ndiponso anthu atapita mbali imodzi, komanso maulendo ake odzayendera ntchito. Chomaliza, chimene ambiri amachidumpha chifukwa cha changu, ndi kuyesa boti litatsitsidwa m'madzi. Amatenga zinthu zolemera zodziwika bwino sikelo yake, n'kuzisunthira mbali imodzi kenaka inayo, kwinaku akuyeza ndi chingwe cholendewera kuti boti lapendekeka motani. Kuyesa kumeneku kumaulula pamene kulemera kwagona m'boti lenileni lomwe lapangidwa, osati la papepala, chifukwa pomanga pamawonjezeka zinthu zambiri zomwe palibe anazilemba. Gawo lomaliza la malipiro, la wojambula ndi la mmisiri yemwe, lisaperekedwe kuyesaku kusanachitike.

Mwina mutafunsa mitengo mudzapeza kuti penshoni siikwanira boti lachitsulo pamodzi ndi katswiri wake. Zikatero, chochotsa si katswiriyo ayi, koma kukula kwa maloto. Mukhoza kugula pulani yoyesedwa kale ya boti lonyamula anthu n'kulipira katswiri kuti angoiunika ndi kuigwirizanitsa ndi nyanja yathu, zomwe zimatsika mtengo kusiyana ndi kujambula chatsopano. Mukhozanso kuyamba ndi boti la matabwa la mtundu wodziwika, lokhomedwa ndi mmisiri wa kunyanja wa mbiri yabwino, lonyamula anthu ochepa, popanda kulisintha kaonekedwe, n'kulipititsa kwa oyendera a boma monga mwa lamulo.

Mawerengedwe onsewa amathera pa zinthu ziwiri zooneka: chiwerengero cha anthu ololedwa, ndi mzere wa m'mbali mwa boti womwe madzi sayenera kuupitirira. Zilembedwe ndi penti pamalo oonekera kwa wokwera aliyense. Ngozi ya boti ya ku Mlowe m'boma la Rumphi pa Pasaka wa 2017, komanso ya sitima ya Nyerere pa nyanja ya Victoria mu Seputembala 2018 yomwe inapha anthu oposa 200, zinachitika zombozo zitadzaza mopitirira muyeso. Inu mudzakhala ku Chilomoni pamene boti likunyamuka kwa Makanjira, ndipo pagombe padzakhala anthu ochonderera kuti akwere poti boti lina kulibe tsikulo. Lembani woyendetsa wa chiphaso, mugule majekete oyandamitsa okwanira munthu aliyense kuphatikizapo ana, ndipo malipiro a woyendetsayo akhale a pamwezi, asadalire kuchuluka kwa anthu omwe wakweza.